Nsanja ya nyali ya ku Cape Point: zimene timauzana ndi zimene zinachitikadi

Aliyense amene ali ndi m'bale ku Cape Town anachilandirapo chithunzi ichi pa WhatsApp. M'baleyo waima pamwamba pa phiri, jekete yafufuma ndi mphepo, kumbuyo kwake kuli kansanja kachitsulo kokhala ndi magalasi kumutu, ndipo m'munsimo nyanja yangoti mbee mpaka pomwe maso alekezera. Pansi pa chithunzicho palembedwa kuti wafika kumathero a Africa, pomwe nyanja ziwiri zimakumana.

Inenso nditapita kukaona mlamu wanga amene amasamalira maluwa m'mayadi a kumeneko, Lamulungu loyamba anandidzutsa m'mamawa. "Alamu, simungabwerere kumudzi musanaone pothera dziko, anthu akakusekani." Tinakwera galimoto ya mnzake, tinadutsa Simon's Town, tinalipira pageti ya paki, tinakwera masitepe mpaka miyendo kunjenjemera, ndipo chithunzi chija ndinajambulitsa nanenso. Ndinachitumiza kunyumba ndi mawu omwe aja. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti m'mawu ochepawo munali mabodza awiri, komanso kuti nsanja imene ndinaitsamira monyadira ija inasiya kuunikira sitima zaka zoposa 100 zapitazo, chifukwa ntchito inaikanika.

"Kuno ndiye kumathero a Africa"

Ayi. Malo amene analowa kum'mwera kuposa ena onse mu Africa ndi Cape Agulhas, pafupifupi makilomita 150 kuchokera ku Cape Point cha kum'mawa. Mukaika malo awiriwa pamapu, Agulhas imapitirira Cape Point kulowera kum'mwera ndi makilomita oposa 50.

Chimene chimanamiza anthu ndi maonekedwe. Cape Point ndi kachala kamtunda kopyapyala kamene kanaloza m'nyanja, maphompho ake otalika mamita oposa 200, mafunde akuphwanyika pansi potero moti phokoso lake limakufikani mochedwa. Munthu ukaima pamenepo mtima umavomera wokha kuti dziko lathera pano. Ku Agulhas kulibe zoterezi. Ndi gombe lathyathyathya, miyala yosongoka yobalalika m'madzi, tchire lalifupi, ndi mwala umene anaikapo chikwangwani. Popanda chikwangwanicho mukhoza kudutsapo osadziwa.

Palinso chisokonezo china chaching'ono. Cape Point ndi Cape of Good Hope si malo amodzi. Ndi nsonga ziwiri zoyandikana, zotalikirana makilomita awiri okha kapena kuposerapo pang'ono. Pa Cape of Good Hope pali chikwangwani chamatabwa chimene alendo amafolera mzere kuti ajambulitse, ndipo chimanena zoona zake, kuti malowa ndi nsonga ya kum'mwera chakumadzulo. Koma pamzere paja ndani amawerenga? Maso onse amakhala pa foni.

Kusiyanitsa malo awiriwa lero ndi nkhani yongokonza mawu a pansi pa chithunzi, koma kale inali nkhani ya maliro. Pa 30 May 1815 sitima ya Angerezi yotchedwa Arniston inkachokera ku Ceylon, kumene lero ndi ku Sri Lanka, itanyamula asilikali ovulala, amayi ndi ana. Inalibe wotchi yapadera imene amalinyero ankaigwiritsa ntchito podziwa kuti afika pati pakati pa kum'mawa ndi kumadzulo. Woyendetsa anaganiza kuti Cape Point aipitirira kale, ndiye anakhotetsa sitima kuloza kumpoto. Kumpotoko kunali mtunda. Anali asanadutse n'komwe Agulhas. Mwa anthu 378, anapulumuka 6 okha, ndipo mudzi wa asodzi umene uli pafupi ndi malowo mpaka lero umadziwika ndi dzina la sitimayo. Ngozi zotere ndi zimene zinachititsa kuti pa Agulhas pamangidwe nsanja ya nyali, imene inayatsidwa koyamba pa 1 March 1849.

"Nyanja ziwiri zimakumana pano, madzi ake amachita kuoneka mzere"

Mnzake wa mlamu wanga anandilozera ndi chala kanjira ka thovu kamene kanali pamadzi. "Achimwene, mwauona mzerewo? Uku ndi Indian, uku ndi Atlantic." Ndinagwedeza mutu, ndinauonadi. Koma linali thovu chabe, lochokera pomwe mafunde amamenya miyala yobisika.

Pamapu a amalinyero, malire a nyanja ziwirizi anawaika pa mzere wa madigiri 20 kum'mawa, umene umatsika kuchokera pa Cape Agulhas. Ndiye mukaima pa Cape Point, madzi a kumanja ndi a kumanzere onse ndi a Atlantic. Ndipo ngakhale ku Agulhas komweko simudzaona mzere uliwonse, poti malirewo anawajambula ndi anthu papepala. Madzi eni ake sawadziwa.

Chikhulupirirochi sichinangochokera m'mutu. Pali mitsinje iwiri ikuluikulu imene imayenda m'kati mwa nyanja. Wina ndi wa madzi ofunda, wotchedwa Agulhas, umene umatsika m'mbali mwa gombe la kum'mawa kuchokera cha ku Mozambique, n'kudutsa Durban. Wina ndi wa madzi ozizira, wotchedwa Benguela, umene umakwera m'mbali mwa gombe la kumadzulo kulowera ku Namibia ndi Angola. Wofunda uja ukafika kum'mwera kwa Africa umapinda n'kubwerera kum'mawa, koma umasiya zigawo za madzi ake zikuzungulira ngati kamvuluvulu n'kulowa mu Atlantic. Pomwe madzi awiriwa amasakanikirana sipakhazikika, pamasuntha ndi nyengo. Amene anasambapo ku Muizenberg kenako n'kukayesa ku Camps Bay, magombe awiri a ku Cape Town, amadziwa kuti ku Camps Bayko madzi amaluma mafupa, ndipo n'chifukwa chake anthu salola kutsutsidwa pankhaniyi. Mpikisano wothamanga wotchuka wa ku Cape Town umatchedwa Two Oceans, malo odyera a pa Cape Point pomwepo nawonso dzina ndi lomwelo. Bodza likakhala ndi dzina lokoma chonchi silifa msanga.

"Nsanja ikakhala pamwamba kwambiri ndiye kuti ndi yabwino"

Apa ndi pomwe panandigwira mtima, chifukwa amene anakhulupirira zimenezi sanali alendo ngati ife ayi, anali akatswiri, ndipo anali ndi mfundo. Dziko ndi lozungulira. Munthu woima pagombe amaona madzi mpaka makilomita pafupifupi 5 basi, kupitirira apo nyanja imapindira pansi. Ukakwera, umaona patali, ndipo nawenso umaonekera patali. Choncho pofuna malo omangapo nsanja pa Cape Point anasankha pansonga penipeni pa phiri, mamita oposa 230 pamwamba pa madzi. Zitsulo zake zinasulidwa ku England, zinabwera pa sitima, n'kuzikweza phiri lonselo. Nyali inayaka mu 1860.

Chimene sanachiwerengere ndi mitambo. Phiri limeneli limavala chipewa cha nkhungu nthawi zambiri, makamaka ikamaomba mphepo ya kum'mwera chakum'mawa. Pansi, pomwe pali sitima, kumatha kukhala koyera bwinobwino, koma nyali ili m'mwamba muja yaphimbika. Osunga nsanja ankayatsa usiku uliwonse mokhulupirika, mafuta ankatha, koma kuwalako kunkathera m'mitambo. Vuto lachiwiri linali lakuti kukayera, nyaliyo inkaonekera msanga kwambiri, moti oyendetsa sitima ankakhota nthawi isanakwane n'kuyandikira miyala.

Madandaulo analipo kwa zaka zambiri, koma mwambo wa maboma ndi umodzi kulikonse, amadikira maliro. Usiku wa pa 18 April 1911 sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania, imene inanyamuka ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo, inagunda mwala wotchedwa Bellows Rock kum'mwera kwa nsongayi, kunja kuli nkhungu. Munali anthu oposa 700, ndipo oposa theka anali antchito achikuda. Anthu 8 anamira bwato lopulumutsira litagubuduzika, ena onse anapulumutsidwa, ndipo sitimayo inatsetsereka pamwalapo n'kumira patapita masiku awiri.

Pano ndikonzeretu bodza lina limene ndinalimva pamasitepe pomwepo, mlendo wina akuuza ana ake molimba mtima. Lusitania imeneyi si ija yotchuka ya m'mabuku a nkhondo. Inayo inali ya Angerezi, ndipo inamizidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Ajeremani pafupi ndi Ireland mu 1915, n'kuphetsa anthu pafupifupi 1,200. Dzina ndi limodzi, sitima ndi ziwiri.

Ngozi ya 1911 itachitika, anamanga nsanja ina m'munsi, kumapeto kwenikweni kwa kachala kaja, mamita 87 okha pamwamba pa madzi, pansi pa mitambo. Inayamba ntchito mu 1919. Ndi yamiyala, yaifupi, yosakopa maso, koma ndi imene ili ndi nyali yamphamvu kuposa zonse za m'mbali mwa nyanja ku South Africa. Anaiika mwanzeru moti sitima yochokera kumadzulo siiona mpaka itafika patali mokwanira kum'mwera kuti ikakhota isagunde kanthu. Phiri lomwe lija limaibisa dala.

Ndiye taonani zimene zimachitika tsiku ndi tsiku. Mabasi amatsitsa alendo mazanamazana, onse amakwera kunsanja yakale, ena wapansi, ena pa kasitima kokokedwa ndi chingwe, kukajambulitsa pa nsanja imene inalephera. Imene imagwira ntchito ili m'munsi, ndipo ambiri amabwerera osadziwa n'komwe kuti iliko. Ine amene anandionetsa ndi mlamu wanga, atasuzumira kuseri kwa khoma n'kufunsa kuti, "Nanga kanyumba kali uko n'kachiyani?" Pali kanjira kopapatiza kodutsa m'mbali mwa phompho kamene kamakufikitsani poionera pafupi. Tinayendamo anthu atatu okha, mphepo ikutikankha, abuluzi akuda akuothera dzuwa pamiyala. Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti ndabwera kunyanja, osati kumsika.

"Nyaliyo imaitana sitima"

Ife a kunyanja ya Malawi tikamva za nyali pamadzi timaganiza za usipa. Msodzi wotchedwa siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake usiku wa mdima, usipa umasonkhana pa kuwalako, anzake n'kuzinga ndi chilimira. Nyali imeneyo imati bwerani. Ndiye n'zosadabwitsa kuti ambiri timaganiza kuti nsanja ya nyali imalozera sitima kodzakocheza.

Zilipodi nyali za pakhomo la doko zimene ntchito yake ndi imeneyo. Koma nsanja ngati ya Cape Point ndi ya Agulhas zimanena zosiyana: pano pali miyala, dutsirani kutali. Sitima imene ingalunjike nyali ya Cape Point ngati usipa ithera pa Bellows Rock.

Ndipo ntchito yake yaikulu si kuunikira njira ngati getsi la galimoto. Ndi kuuza woyendetsa sitima pomwe ali. Nsanja iliyonse ili ndi kaphethiridwe kakekake, kolembedwa pamapu ndi m'mabuku a amalinyero. Ya Cape Point imaphethira katatu motsatizana pa masekondi 30 alionse. Ya Agulhas imaphethira kamodzi pa masekondi 5 alionse. Woyendetsa akaona kuwala usiku amawerenga, n'kudziwa kuti uku ndi kwakuti. Akanakhala ndi zimenezi woyendetsa Arniston, sakanakhota. Masana, nyali ikakhala yopanda ntchito, utoto ndi umene umalankhula, n'chifukwa chake nsanja ya Agulhas ili ndi mizere yofiira ndi yoyera yopingasa, pamene ya Green Point mumzinda wa Cape Town, yakale kuposa zonse m'dzikomo, ya 1824, mizere yake ndi yopendekeka. Sanapake kuti zikongole.

"M'katimo muli chinyali chachikulu chimene chimayaka n'kuthima"

Zonse ziwiri si zoona, makamaka m'nsanja zakalezi. Nyali yake ndi yaing'ono modabwitsa, ndipo imayaka osathima usiku wonse. Chimene chimazungulira ndi magalasi. Mfalansa wina, Augustin Fresnel, anatulukira m'zaka za m'ma 1820 njira yodulira galasi m'mizeremizere yozinga nyali ngati chisa cha njuchi, kuti kuwala kumene kukanabalalika kumwamba ndi pansi kusonkhane n'kutuluka ngati ndodo imodzi. Magalasiwo akamazungulira, ndodoyo imasesa nyanja, ndipo ikadutsa m'maso mwanu mumayesa nyali yayaka. Ikapitirira mumayesa yathima.

Magalasi otere amalemera matani, koma m'nsanja zambiri ankawayandamitsa pa chitsulo chamadzimadzi chija chimakhala m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale, moti munthu ankatha kuwakankha ndi chala. Magetsi asanabwere, chimene chinkawazunguliza ndi chitsulo cholemera chopachikidwa pa unyolo, chotsika pang'onopang'ono m'kati mwa nsanja ngati cha wotchi yapakhoma. Chikafika pansi, wosunga nsanja ankapukusa chogwirira n'kuchikwezanso, usiku wonse. Kukacha ankatseka makatani, chifukwa magalasi omwe aja akalandira dzuwa amatha kuyatsa moto. Amene amaganiza kuti wosunga nsanja anali munthu wongokhala n'kumasirira nyanja aganizirenso. Inali ntchito ya mwaye, yopukuta magalasi, yodula chingwe cha nyali, yonyamula mafuta pamasitepe, ndipo tulo tinali mlandu. Sankakhalanso yekha monga timaonera m'mafilimu. Ankasinthana ndi omuthandiza, ndipo nyumba zawo zikadalipo m'munsi mwa nsanja yakale ya Cape Point.

Za mafutawo, ku Agulhas nyali yoyamba inkayaka ndi mafuta a kumchira wa nkhosa, nkhosa zija za michira yonona. Magetsi anafika mu 1936. Nsanjayo ndi yotalika mamita 27, yomangidwa ndi miyala ya laimu ya komweko, ndipo amene anaijambula, Charles Michell, anatengera maonekedwe a nsanja yamakedzana ya ku Alexandria ku Egypt. Mu 1968 anaitseka poti miyala inayamba kufumbutuka, koma anthu a m'deralo anakana kuti igwetsedwe, anaikonza, ndipo inayakanso mu 1988. Iyi ndiye mumaloledwa kulowa. Masitepe ake ndi 71, ena oimirira ngati makwerero a pankhokwe, moti amayi ovala chitenje achimangiretu bwino. Pamwamba mumaima pafupi ndi magalasi aja n'kuona nokha kuchepa kwa nyali imene ili pakati.

Dzina lakuti Agulhas ndi la Chipwitikizi, kutanthauza singano. Amalinyero awo a zaka za m'ma 1500 anaona kuti pamalo amenewa singano ya kampasi inkaloza kumpoto kwenikweni, osapatuka.

Za mzukwa ndi za anyani

Kasitima kokwera phiri kaja anakatcha Flying Dutchman, potengera nthano ya amalinyero ya sitima yotembereredwa imene akuti imangoyendayenda pamadzi amenewa osakocheza. Nthano ndi nthano. Chimene chimachitikadi n'chakuti mpweya wofunda ukakhala pamwamba pa wozizira umapinda kuwala, ndipo sitima imene ili kutali imatha kuoneka ngati ikuyandama m'mwamba. Kupindika kwa kuwala kotereku ndi kumenenso kumabweretsa madzi abodza amene timaona pa tala mu Okutobala.

Choopsa chenicheni cha pamalopo chili ndi mchira. Alendo amaona anyani akungoyenda pakati pa anthu n'kumati ndi oweta. Si oweta, anangozolowera kuti chakudya chili m'zikwama. Ndinaona nyani wamphongo akutsegula chitseko cha galimoto ndi dzanja ngati mwini wake, n'kutuluka ndi jumbo ya buledi, mwini galimotoyo ali chiimire kukamwa kuli yasa. Kuwadyetsa n'koletsedwa ndipo kuli chindapusa, chifukwa nyani wozolowera kulanda amafika poluma, ndipo mapeto ake amaphedwa. Wa kumudzi amene analonderapo chimanga safunika kuuzidwa kawiri.

"Masiku ano ndi zongoonetsa alendo, sitima zili ndi GPS"

Yakale ya pamwamba ija siyakanso, inde. Koma ya m'munsi imayaka usiku uliwonse, ya Agulhas chimodzimodzi, pamodzi ndi zina zoposa 40 m'mbali mwa nyanja ya South Africa, zimene zimayang'aniridwa ndi bungwe la madoko la Transnet. Chimene chinatha ndi ntchito ya munthu wogona pansanja, poti zambiri tsopano zimadziyatsa zokha. Makina a m'sitima amatha kufa, magetsi amatha kuzima, ndipo uthenga wa GPS umatha kusokonezedwa dala, monga zakhala zikuchitikira m'nyanja za kufupi ndi nkhondo. Woyendetsa wodziwa ntchito amayang'ana pa kompyuta kenako n'kusuzumira pawindo kuti aone ngati ziwirizi zikugwirizana. Asodzi a maboti ang'onoang'ono ndiye sitinena.

Sikuti nyali ikakhalapo ngozi zimatha. Mu 1942 sitima ya ku America yotchedwa Thomas T. Tucker, imene inkayenda motsamira gombe poopa sitima za pansi pa madzi za Ajeremani, inakwera miyala m'nkhungu m'dera lomwelo la paki, ndipo zitsulo zake zikadali pamchenga. Pafupi ndi Agulhas pali chigoba cha Meisho Maru, sitima ya asodzi ya ku Japan imene inatsakamira mu 1982. Mumachiona muli pamsewu.

Geti ya paki ya Cape Point amatseka dzuwa likamalowa, kotero kuti pafupifupi onse amene timajambulitsa kumeneko sitinaionepo nyali ikuwala. Ku Agulhas kuli mudzi, mukhoza kugona komweko n'kuima panja usiku, ndodo ya kuwala ija ikudutsa pamwamba pa madenga. Kuchokera ku Cape Town ndi ulendo wa maola atatu, kudzera ku Caledon ndi Bredasdorp, ndipo ku Bredasdorp kuli nyumba yosungiramo zotsala za sitima zosweka imene ndi yoyenera kuimapo.

Abale anga a ku Cape Town, mlendo akabwera kuchokera kumudzi, ku Cape Point mupite nayebe, malowo ndi okongola ndipo palibe angatsutse. Koma mukamutsitse kanjira ka kuphompho kaja akaone nsanja imene imagwira ntchito. Ndipo ngati mtima wake uli pa kumathero a Africa, sonkhani ya mafuta, mudzuke m'mamawa, mulowere ku Bredasdorp.